Kodi soda wophikira therere angalowe mu thanki ya makorali?

FUNSO

Ndili ndi loji yaing'ono m'mphepete mwa nyanja, pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay. Chaka chatha ndinagula thanki yagalasi ya malita 300 ya madzi amchere kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Muli nsomba zinayi za m'nyanja yamchere ndi makorali angapo, ndipo alendo amaikonda kwambiri. Anandisiyira mabotolo atatu a mankhwala othira m'madzimo, koma atsala pang'ono kutha, ndipo kuitanitsa ena ku Johannesburg mtengo wake ndi wosayamba. Mnzanga wina akuti ndizingothira soda wa kukhitchini, mchere wa Epsom ndi laimu, akuti ndi zomwezo. Kodi ndi zoona, kapena akufuna kundiphetsa ziweto?

Wowerenga wa ku Mangochi

YANKHO

Bambo, mnzanuyo sakunama ayi. Tembenuzani mabotolo aja muwerenge timalemba ta kumbuyo. Mupeza kuti lina muli sodium bicarbonate kapena sodium carbonate, lina calcium chloride, lachitatu magnesium chloride kapena magnesium sulphate, zonse zosungunula m'madzi. Choyambacho ndi soda yemweyu amene mayi a kunyumba amathira mu therere ndi m'chigumu. Ndalama zambiri zimene mumalipira zimapita ku madzi, botolo ndi thiransipoti. Oweta makorali kunjaku anayamba kalekale kudzipangira okha, ndipo katswiri wina wa kemisitiri wa ku America, Randy Holmes-Farley, analemba kasakanizidwe kamene ambiri akutsatira mpaka lero. Kungoti mnzanuyo wakupatsani mutu wa nkhani, thunthu wasiya. Pa zitatu watchulazo, chimodzi mukhoza kuyamba nacho sabata yamawa, china chimafunika mwa apo ndi apo, ndipo chachitatucho, mukagula chimene anthu kuno timachitcha laimu, mukhoza kudzuka m'mawa thanki yonse ili zii.

Muyambe mwadziwa chimene chimatha m'madzimo. Korali amaoneka ngati mwala kapena duwa, koma ndi kanyama, ndipo amene ali olimba amamanga chigoba cha calcium carbonate, mwala womwewo wa chigoba cha nkhono, womwenso amakumba ku Njereza n'kupangira simenti. Zomangira zake amazitapa m'madzi, kashiamu mbali ino, carbonate mbali inayo. Ku Nacala kapena ku Pemba zimenezi sizingathe, nyanja ndi yaikulu. Mu thanki ya pa risepishoni yanu zimachepa tsiku ndi tsiku. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 420 pa lita, maginiziyamu pafupifupi 1,280, ndipo carbonate uja, amene oweta amamuyeza pa muyezo wotchedwa KH, amakhala cha pa 7. Mu thanki anthu amayesetsa kuti kashiamu akhale pakati pa 380 ndi 450, maginiziyamu pakati pa 1,250 ndi 1,350, KH pakati pa 7 ndi 11.

Apa pali kanthu kamene ambiri amakaphonya. Makorali akadya KH imodzi, kashiamu amene adya ndi mamiligalamu 7 okha pa lita. Ndiye KH ikagwa kuchoka pa 8 kufika pa 5, zomwe ndi ngozi yeniyeni, kashiamu amakhala atangotsika kuchoka pa 420 kufika cha m'ma 400, ndipo munthu woyeza kashiamu yekha amagona tulo tofa nato. Zili ngati pakhomo pamene nkhokwe ili yodzaza koma nkhuni zili mtolo umodzi: moto ukazima, chimanga chonsecho sichiphika nsima. KH ndiye nkhunizo, ndipo mwayi wake ndiyo imene soda wotchipayu amakweza. Maginiziyamu ndi mkhalapakati. Amaletsa kashiamu ndi carbonate kugwirana msanga n'kusanduka choko zisanafike kwa korali, ndipo iye amatha pang'onopang'ono kwambiri.

Simunanene mtundu wa makorali anu, chonsecho yankho likudalira pamenepo. Ngati ndi ofewa, aja amagwedezeka ndi madzi, ooneka ngati bowa kapena chikopa, amadya zochepa zedi moti kusintha madzi pang'ono pafupipafupi kumakwanira, ndipo mwina mabotolo aja mwakhala mukungowononga. Ngati ndi olimba a nthambi, kapena ngati ndere zolimba zofiirira zikukuta miyala ndi galasi, pamenepo njala ilipo. Njira yodziwira ndi imodzi, ndipo ndiikakamira chifukwa nkhani yonse yagona apa: yezani. Gulani choyezera KH, chija mumadontheza mankhwala m'kabotolo mpaka madzi asinthe mtundu. Yezani lero m'mawa, mukhale masiku atatu osathira kalikonse, muyezenso nthawi yomweyo. Ngati yachoka pa 8.5 kufika pa 7, thanki yanu ikudya theka la KH patsiku, ndipo n'chimene muyenera kubwezera, osati chimene mnzanu kapena ine tingakuuzeni tisanayeze. Munthu wopanda choyezera ndimamuuza kuti asathire n'komwe. Makorali amapirira KH yotsikirako koma yokhazikika. Chimene sagwirizana nacho ndi kudumphadumpha, lero 6 mawa 12.

Tsopano soda. Vuto lathu ndi lakuti dzina limodzi timaitanira zinthu zingapo. Amene mukufuna ndi wa m'paketi yolembedwa bicarbonate of soda, ndipo pamene alemba za m'katimo pakhale sodium bicarbonate yekha. Baking powder si ameneyo, ngakhale amakhala shelefu imodzi. Mmenemo muli asidi wouma, sitachi, ndipo kawirikawiri phosphate, amene kwa ndere ndi feteleza. Caustic soda, uja amagula amayi opanga sopo, amasupula khungu la munthu, musamuyandikize. Chidulo cha agogo, chotcheza ndi phulusa, therere chimafewetsadi, koma ndi potaziyamu wosadziwika mphamvu pamodzi ndi chilichonse chimene chinali m'phulusamo. Soda wa pamsika womanga m'timapepala ndimamukayikiranso, osati kuti ogulitsawo ndi achinyengo, koma palibe angakuuzeni thumba limene anamutapamo. Paketi yomata ya m'sitolo siidula moti n'kuika makorali pachiswe.

Masamu ake ndi awa. Magalamu 3 a soda amakweza KH ndi 1 m'malita 100. Thanki yanu ndi ya malita 300 pa dzina, koma mukachotsera miyala ndi mchenga, madzi enieni mwina ndi 250. Ndiye KH imodzi ikufuna magalamu 7.5, ndipo theka lija la patsiku likufuna magalamu osakwana 4. Taonani kuchepa kwake. Kasupuni ka tiyi kongosalaza kamanyamula magalamu pafupifupi 5, kadutsa kale. Paketi ya magalamu 500 ikhoza kukufikitsani miyezi inayi. N'chifukwa chake sindifuna kumva za kuyeza ndi supuni, poti supuni ya mnyamata wa shifiti ya m'mawa ndi ya mtsikana wa madzulo sizidzafanana. Pezani sikelo yaing'ono ya batire, yoyeza mpaka 0.1 ya galamu, ngati zija amayenda nazo ogula miyala ya mtengo wapatali. Ufawo musawaze mu thanki. Sungunulani kaye m'kapu ya madzi oyera opanda mchere, muthire pang'onopang'ono pamene pampu ikukankha madzi mwamphamvu, kutali ndi korali. Ndipo kaya KH yagwa chotani, musaikweze kupitirira 1 patsiku.

Mudzamva ena akukamba zowotcha soda. N'zoona. Mukamuyala m'thireyi n'kumuika mu uvuni pa madigiri 150 kapena kuposerapo kwa ola limodzi, amatulutsa nthunzi ndi mpweya wa carbon dioxide n'kusanduka sodium carbonate. Ufa uja umasiya kunyezimira ndi kumatana, umayamba kuyenderera ngati mchenga wouma, ndipo sikelo imachitira umboni: magalamu 100 amatsala 63. Wowotchayu ndi waukali, magalamu osakwana 2 amagwira ntchito ya magalamu 3, ndipo amakankhira pH, muyezo umene umatsika madzi akachuluka asidi, m'mwamba pamene wosawotcha amaitsitsako pang'ono kwa kanthawi. Amathandiza anthu a m'mayiko ozizira amene amakhala chitsekere mawindo miyezi yambiri, mpweya wa m'nyumba n'kumatsitsa pH ya thanki. Inu zitseko zili chitsegulire, mwera ukulowa n'kutuluka. Yambani ndi wosawotcha, amakhululuka dzanja likalakwa. Washing soda wa m'sitolo ndi sodium carbonate yemweyo, koma ena amamuthira zonunkhiritsa ndi zotulutsa thovu, ndiye mukadzamufuna kuli bwino kuwotcha wanu.

Kashiamu ndiye kukhitchini kulibe, ndipo ndime ino muwerenge kawiri. Mukufuna calcium chloride. Amapezeka kwa ogulitsa mankhwala a m'malabu ndi a zakudya, poti opanga tchizi amamugwiritsa ntchito, komanso kwa ogulitsa zosamalira madamu osambiramo. Koma pa shelefu yomweyo pamakhala HTH, uja tonse tinamudziwa nthawi ya kolera, amene ndikukhulupirira aliponso m'chipinda chosungira katundu pa loji yanu. HTH ndi calcium hypochlorite. Maina akumveka ngati pachibale, onse ndi timibulu toyera, koma uyu ndi klorini. Ntchito yake, imene amaigwira bwino, ndi kupha tamoyo ta m'madzi, ndipo kochepa chabe kakhoza kupulula thanki yonse tsiku lomwelo. Mukatuma munthu ku Blantyre, mulembereni dzina lonse papepala, ndipo akabwera nacho mununkhize chapatali: calcium chloride alibe fungo. Ena amaganiza za feteleza wa CAN poti dzina lake likuyamba ndi calcium. Mmenemo muli ammonium ndi nitrate, poizoni wa nsomba ndi chakudya cha ndere. Makoko a mazira ndi mapiritsi a kashiamu a ku famase sagwira ntchito, chifukwa calcium carbonate sasungunuka m'madzi amchere a pH 8. Akanamasungunuka, bwenzi makorali enieniwo atasungunuka kalekale.

Mukapeza calcium chloride woyenera, pangani mabotolo anuanu. Tengani zigubu ziwiri zatsopano, osati zimene zinasungapo mafuta kapena sopo. M'chigubu choyamba muike magalamu 78 a soda wosawotcha pa lita iliyonse ya madzi oyera. Amachedwa kusungunuka, khutchumulani ndipo mudekhe. M'chachiwiri muike magalamu 66 a calcium chloride wa mtundu wa dihydrate pa lita. Mukagwira chigubucho mumva chikufunda, musadabwe, ndi khalidwe lake. Ngati pa thumba alemba anhydrous, ameneyo ndi wamphamvu ndipo amatentha kwambiri, magalamu 50 akwana. Zigubu ziwirizi n'zolingana mphamvu, mukathira mamililita 50 a ichi muthirenso 50 a icho, ndipo m'malita 250 zimenezo zikubwezera theka la KH pamodzi ndi kashiamu wake. Sirinji yaikulu ya ku famase imayeza bwino.

Koma ziwirizi zisakumane zisanasungunukire mu thanki. Ine ndinaphunzira nkhwangwa ili m'mutu. Ndikuyamba kumene, tsiku lina ndili pa changu chothamangira minibasi ya ku Liwonde, ndinati ndithire zonse m'jagi imodzi ndithane nazo. Pomwepo madzi anayera mbee ngati mkaka, pansi pa jagi n'kudikha phala. M'malo motaya, ndinati ndalama zanga zisalowe m'madzi, ndinakhuthulira mu thanki n'kutseka chitseko. Nditabwerako madzulo ndinapeza m'galasi muli chifunga, miyala ili mbuu ngati yawazidwa ufa, ndipo nditayeza, KH inali yotsika kuposa m'mawa, chifukwa choko chikayamba kupangika chimakoka chinzake. Patapita masabata awiri pampu inayamba kulira ngati chigayo, kenako n'kuima. Nditaimasula ndinapeza kozungulira ka m'kati kaja katamatidwa ndi nkhoko zoyera, zolimba kuposa za mumphika wa nsima. Kuyambira tsiku limenelo soda ndimathira m'mawa, kashiamu madzulo. Mphindi 15 pakati pake zimakwana, koma kwa antchito osinthana mashifiti, m'mawa ndi madzulo n'kosavuta kukumbukira.

Mchere wa Epsom, uja wa ku famase, ndi magnesium sulphate, ndipo ndi wabwino bola ukhale wopanda zonunkhiritsa. Chodabwitsa ndi kuchuluka kumene umafunika. Pa kulemera kwake, gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndilo maginiziyamu, ndiye kukweza ndi mamiligalamu 100 pa lita mu thanki yanu kukufuna magalamu 250, kota ya kilo. Munthu amene amathira kasupuni pa sabata n'kumati akudyetsa makorali akungodzisangalatsa. Umabweranso ndi sulphate wambiri, amene amaunjikana mukaudalira wokha miyezi yambiri, n'chifukwa chake odziwa amausakaniza ndi magnesium chloride, uyu n'kukhala wochulukirapo. Ine ndinganene kuti muziyeza maginiziyamu kamodzi pamwezi. Akakhala pamwamba pa 1,250, musiyeni. Akatsika, mukwezeni ndi Epsom mogawa masiku angapo. Nthawi yomuyeza msanga ndi pamene mukuthira soda ndi kashiamu koma manambala sakukwera, kwinaku nkhoko zikuchuluka pa pampu.

Za laimu ndinena mosapsatira: wa ku hadiweya musagule. Njira imene mnzanu anamva ndi yakale ndipo ndi yabwino, Ajeremani anaitcha kalkwasser, kutanthauza madzi a laimu. Amasungunula calcium hydroxide, magalamu pafupifupi 1.5 pa lita ya madzi oyera, n'kusiya kuti adikhe, kenako n'kumadontheza madzi a pamwambawo usiku kulowa m'malo mwa amene auma. Ubwino wake ndi wakuti amapereka kashiamu ndi KH pamodzi, pa muyezo womwe korali amadyera. Koma laimu amene iwo amanena ndi woyengedwa bwino, woti n'kulowa m'zakudya. Njereza yathu yopaka nyumba ndi miyala ya m'mbali mwa msewu imachokera m'ng'anjo, ndipo imabwera ndi phulusa, dothi ndi zitsulo zimene palibe anaziyeza. Laimu wa kumunda ndi mwala wongopera, sasungunuka n'komwe. Uja amabwata mukamuthira madzi akhoza kukuphulitsani maso.

Ngakhale mutapeza woyenerayo, madzi ake pH yake imaposa 12. Akalowa ambiri nthawi imodzi, pH ya thanki imalumpha ndipo nsomba zimayamba kugudubuka tiyi wanu asanazizire. Ndiye taganizirani nyengo ya kuno. Mu Juni madzi amauma pang'ono, mu Okutobala amauma kwambiri. Wantchito wokhulupirika amene munamuuza kuti "madzi akatsika uzidzaza ndi a m'chigubu ichi" adzathira laimu wochuluka m'chilimwe, iye osalakwa kanthu, akungomvera abwana. Chaka choyamba laimu musiyeni kaye.

Zina zimene mudzamve ndingodutsamo. Vinega woyera ndi wabwino potsukira pampu. Inyikeni usiku umodzi, nkhoko zija zimasungunuka, mutsukuluze ndi madzi oyera. Ena amathira vinega, shuga kapena vodka mu thanki kuti mabakiteriya achuluke adye nitrate. Zimagwira ndithu, koma zimafuna makina ochotsa thovu aja amati skimmer, ndipo mabakiteriyawo amalimbirana mpweya ndi nsomba. Magetsi akangozima usiku, m'mawa mutola mitembo. Kuno ayi. Ndipo wina asakunamizeni kuti kachasu ndi vodka yemweyo. Borax amakweza nambala pa choyezera KH, koma korali samangira chigoba borate, ndiye mumangodzipusitsa nokha.

Pali ziwiri zimene simungazembe mtengo wake, ndipo zimapha mathanki ambiri kuposa kusowa kwa soda. Choyamba ndi mchere. Wa patebulo, kaya wa m'paketi kaya wa mibulu wa pamsika, ndi sodium chloride ndi ka ayodini basi. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi zinthu zina zambirimbiri, ndipo mchere wa thanki umabwera nazo pa muyezo wake. Umenewo muziitanitsabe. Dziwaninso kuti korali akatenga kashiamu ndi carbonate, sodium wa mu soda ndi chloride wa m'chigubu chachiwiri amatsalira, n'kukhala mchere wamba umene umakwera mwakachetechete. Mankhwala ake ndi kusintha gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi masabata awiri aliwonse, kwa inu malita 25, amene akufuna mchere pafupifupi kilogalamu imodzi, komanso kuonetsetsa kuti choyezera mchere chikuloza pa 1.025 kapena 1.026. Madzi akauma mchere sumapita nawo, ndiye podzaza muzidzaza ndi opanda mchere.

Chachiwiri ndi madziwo. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumva kuti nyanja ili pakhomo koma simungatungemo. Madzi a pagombe, makamaka m'dzinja mitsinje ikamatsitsa matope ndi feteleza wa m'minda, amabwera ndi zodyetsa ndere. A pampopi muli klorini. A pa mijigo ina muli dzimbiri ndi michere imene simukuidziwa. A mvula otsika pa malata amanyamula zinki, ndipo odutsa m'mapaipi a kopa amanyamula kopa, amene nsomba zimamupirirako koma makorali, nkhono ndi nkhanu zimafa naye ali wochepetsetsa. Poti mukudzaza tsiku ndi tsiku pamene chouma ndi madzi okha, zoipazo zimaunjikana ngati litsiro pansi pa mtsuko. Chofunika ndi sefa ya RO, yochotsa michere ndi zitsulo zosungunuka m'madzi, makamaka yokhala ndi gawo la DI kumapeto lotola zotsalira, ndi kachipangizo ka TDS, koyeza zosungunuka zimene zatsala m'madzimo, kokuuzani kuti sefayo yatopa. Ngati mwini wake wakale anakusiyirani, muganizire kuti za m'kati mwake zinasinthidwa liti. Ndalama imene soda akupulumutsireni ipite kumeneko ndi ku zoyezera, ndipo zoyezerazo muzisunga pamalo pozizirirapo, poti dzuwa la kuno limaziwononga tsiku lolembedwa pa bokosi lisanakwane.

Choseketsa n'chakuti ku Ulaya ndi ku America oweta mbuna amathira soda ndi Epsom yemweyu m'madzi awo a pampopi, kufuna kuti afanane ndi a m'nyanja yathu ino. Iwo akuvutikira madzi amene ife tikuchapiramo zovala, ife tikuvutikira a ku Indian Ocean. Alendo ambiri opita ku Cape Maclear amatsata mbunazo, zomwe zinathandiza kuti Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mukadzafuna thanki yachiwiri yosadwalitsa mutu, ganizirani zimenezo, koma mudzadzere kaye ku ofesi ya za usodzi, poti nsomba za m'paki sizigwidwa mwachisawawa. Chimodzimodzi makorali atsopano. Olimba onse ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pachiopsezo, ndipo amafuna ziphaso podutsa malire, ndiye wina akadzabwera nawo m'chigubu kudzera pa Chiponde, mukaneni.

Za kutentha simunafunse, koma kuno ndiye mdani wamkulu. Makorali amakondwa pa madigiri 25 mpaka 27. Madzi akakhala cha pa 30 masiku angapo, amalavula tindere timene timakhala m'thupi mwawo n'kumawadyetsa, amayera mbee, ndipo mwini wake amathamangira botolo poganiza kuti asowa kashiamu. Mu Okutobala ndi Novembala masana kuno kumadutsa 35, mukudziwa nokha. Mu thanki mukhale choyezera kutentha. Fani yowomba pamwamba pa madzi imatsitsa digiri imodzi kapena awiri, ngakhale imaumitsa madzi ambiri, ndipo mabotolo a madzi oundana m'firiji, otseka bwino, amapulumutsa tsiku loipa. Magetsi akazima, choyamba kulumikiza ku inveta ndi pampu yoyendetsa madzi, nyali pambuyo. Makorali amapirira mdima masiku awiri kapena atatu, koma madzi ofunda osayenda amatha mpweya m'maola ochepa. Tsiku lopanda magetsi musathire soda kapena kashiamu, poti popanda pampu zimangokhazikika malo amodzi n'kuwotcha korali amene ali pafupi.

Musadikire kuti mabotolo aja agome. Sabata ino yezani KH masiku atatu aja, mudziwe kadyedwe ka thanki yanu. Kenako soda wanu alowe m'malo mwa botolo la KH lokha, awiri enawo mupitirize monga kale, muone masabata awiri. Kashiamu mudzasinthe pambuyo, kuti china chikavuta mudziwe chavutacho. Pa zigubu mulembe ndi maka zilembo zikuluzikulu, china M'MAWA china MADZULO, ndipo zizikhala m'kabati yokhoma, kutali ndi khitchini ndi ana, poti zonse zimaoneka ngati madzi akumwa. Pambali pa thanki mupachike kope la sukulu lolembamo tsiku, KH, kutentha, mamililita amene athiridwa ndi dzina la wothira. Mukadzaza masamba awiri, muwajambule pamodzi ndi makoraliwo munditumizire, tione ngati mamililita 50 aja akukwana kapena tiwonjezere.